Wodwala Asagone Pansi

Dzina loti Chimkuzamawu analipezera pa zionetsero. Tsiku limene bungwe la ogwira ntchito zachipatala linaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo, wapampando wake, amene onse ankangowatchula kuti a Tcheya, anasasa mawu asanafike n'komwe pa mphambano yoyamba. Chimkuzamawu chinagwera m'manja mwa namwino wina wamfupi wa ku wodi ya abambo, ndipo iye ndiye anakuwa mawu amene mawa lake anali m'kamwa mwa aliyense: "Wodwala asagone pansi!" Ankanena zimene ankaziona: anthu ogona pa makatoni pakati pa mabedi, ena kunsi kwa mabedi, moti pobaya jakisoni unkachita kugwada, nthawi zina n'kuponda chala cha munthu.

Chimene bungwe linkafuna ndi mabedi. Koma kunena kuti boma ligule mabedi, limange mawodi ndipo lilembe anamwino ena ndi mawu osaimbika poguba, ndipo pa tisheti sakwana. Choncho analemba achidule aja. Aphungu, pokhala anthu omvera, anapereka ndendende zimene zinalembedwazo. Lamulo linatuluka: m'chipatala cha boma wodwala sagona pansi, ndipo mkulu wa wodi imene mupezeke munthu pansi aimitsidwa ntchito.

Samu yake inali yotere: odwala ndi omwe aja, mabedi ndi omwe aja, pansi paletsedwa. Otsalawo apite kuti? A Metroni, mkulu wa anamwino, sanavutike nayo. Anawotcha makatoni n'kuitanitsa mabenchi. Munthu wokhala pa benchi sanagone, ndiponso sali pansi. Kolido yonse inadzaza ndi anthu okhala mothithikana ngati akudikira basi, madiripi awo atapachikidwa pa misomali ya pakhoma. Bedi likapezeka, dokotala ankayenda m'kolidomo kuyang'ana amene wapendekeka kwambiri, n'kuloza kuti, "Uyu."

Bambo ake a Chimkuzamawu anali mlonda wopuma ntchito. Chiyambireni tsiku la zionetsero, tisheti ya bungwe ija sinkawachoka m'thupi. Ankaivala kumsika, kometetsa, ngakhale pokalipira madzi, ndipo aliyense wowerenga mawu a pachifuwawo ankauzidwa, afune asafune, kuti, "Ameneyo ndi mwana wanga. Lamulo limenelo ndi la m'nyumba mwanga."

Anawabweretsa m'mawa wina atasanza magazi. Chilonda cha m'mimba chimene ankachiziziritsa ndi soda chinali chitatseguka. Chimkuzamawu anawayeza yekha, ndipo atawona mmene BP yatsikira anayezanso dzanja linalo, ngati kuti manja angasiyane maganizo. Munthu wotere amagonekedwa, miyendo n'kuikweza. Zimenezi ankazidziwa ngati dzina lake. Bedi panalibe. Anawapezera malo kumapeto kwa benchi, pafupi ndi msomali wopanda diripi, n'kupachikapo yawo.

"Ndiye ofesi yako ndi imeneyi, mayi?" anatero bambo ake, akuyang'ana uku ndi uku monyadira. "Taona, pansi pali mbee! Palibe ngakhale mmodzi."

"Bambo, musalankhule kwambiri. Mutu ukuzungulira?"

"Ukuzungulira pang'ono, koma ubwerera. Usade nkhawa ndi benchi. Ine moyo wanga wonse ndagonera pa mpando, bwana osadziwa. Awa ndi ophunzira chabe."

Odwala anzawo anaseka, amene anali ndi mphamvu zosekera.

Mawa lake bedi linapezeka. Chimkuzamawu anathamangira ku kolido dokotala asanafike.

"Bambo, tamverani. Adokotala akamadutsa, muoneke wodwala. Weramani, tsamirani khoma, tsinzinani. Musachite kudzilimbitsa."

"Chabwino, mayi."

Koma dokotala atangotulukira, mlonda wakale uja anadzuka m'thupi mwawo. Anawongola msana, kukoka tisheti kuti mawu aoneke bwino, n'kupereka moni wamphamvu. Dokotala anamwetulira, n'kuloza bambo wina amene mutu wake unali utagwera paphewa la mnzake.

Chimkuzamawu anamutsatira dokotalayo mpaka pa sinki.

"Adokotala, BP yawo mwaiona. Magazi a gulu lawo sanabwerebe. Munthu ameneyu sayenera kukhala tsonga."

"Ndaiona, sisitala. Koma tangoganizani. Ndiwapatse bedi bambo anu ali njo chonchija, ndisiye munthu wokomoka pa benchi, kolido yonse ikuona? Mawa zili pa wailesi. Ndiye akhale bambo a inuyo, mwa anthu onse."

Anabwerera kwa bambo ake.

"Ndinakuuzani chiyani?"

"Unafuna ndikuchititse manyazi pamaso pa bwana wako? Azinena kuti bambo a Chimkuzamawu ndi wolobodoka?"

Masana Chimkuzamawu anapita ku ofesi ya bungwe, kachipinda kotentha kuseri kwa kochapira zovala. Anapeza a Tcheya ataima pa mpando, akuyesa ngati nsalu yatsopano yolembedwa kuti TAPAMBANA ikwana khoma. A Nduna a Zaumoyo ankabwera mawa lake kudzaona chipatala choyamba kukwaniritsa lamulo, ndipo bungwe linali litapatsidwa mpata wolankhula.

"Komuredi! Ndamva za madala. Pepani kwambiri. Tagwirani mbali iyo."

Anagwira nsaluyo.

"A Tcheya, lamulo lija likupha anthu. Kale ankagona pa katoni, inde, koma ankagona. Pano miyendo ikutupa, ena akukomoka chokhala. Tikauze a Nduna kuti aliimitse kaye mpaka mabedi abwere."

A Tcheya anatsika pa mpando pang'onopang'ono.

"Mukuti tikawapemphe kuti odwala azigona pansi? Ifeyo? Titavala matisheti amenewa?"

"Tikanene zoona."

"Zoona tinena, komuredi, koma mwadongosolo. Ili linali gawo loyamba. Gawo lachiwiri ndi mabedi. Mukangonena kuti tinalakwitsa, aphungu aja sadzatitsegulirakonso chitseko. Adzati awa sadziwa chimene akufuna. Kenako za malipiro a usiku zafa, za magolovesi zafa. Mukudziwa kuti bungweli chiyambireni ndi lamulo lokhali limene tapambana?"

Choipa chinali chakuti a Tcheya sankanama. Chimkuzamawu anafunafuna pamene pali bodza kuti alikwiyire, osalipeza.

"Nanga bambo anga?"

"Ndikuuzeni chinsinsi." Anatsitsa mawu. "Mabedi akubwera mawa m'mawa, a Nduna asanafike. Lole yathunthu. Mukuona kuti phokoso limagwira ntchito? Madala angopirira lero lokha. Ndipo mawa chimkuzamawu ndi chanu. Anthu akufuna mawu aja."

Lero lokha. Anawerengera m'mutu mwake ngati namwino, osati ngati mwana, ndipo yankho silinamusangalatse. Kumapeto kwa kolido kunali kachipinda kosungiramo nsalu za pabedi, kopanda zenera, kamene kiyi wake anali m'thumba mwake. Anayala mabulangete awiri pansi, pakati pa mashelefu, n'kupinda lachitatu loika kumiyendo. Akamupeza amuimitse ntchito, zilibe kanthu. Anapita kukawatenga bambo ake, diripi ili m'dzanja, iwo atamukolowekera mkono paphewa. Sankalemera n'komwe.

Atafika pakhomo pa kachipindako bambo ake anaima.

"Ichi n'chiyani?"

"Gonani, bambo. Palibe aone. Nditseka chitseko."

"Apa ndi pansi."

"Ndikudziwa kuti ndi pansi."

"Iwe unaima pamaso pa dziko lonse. Ine ndinamva ndi makutu angawa, wailesi nditaikweza mpaka aneba anadandaula. Lero ukufuna woyamba kuswa lamulo lako akhale bambo ako?"

"Si lamulo langa! Ine ndinkafuna mabedi. Anatenga mawu anga n'kuwapotoza. Bambo, chonde, magazi sakufika kumutu kwanu. Mukagona..."

"Mayi." Anamugwira tsaya ndi dzanja lozizira. "Ine ndalondera zinthu za eni ake moyo wanga wonse. Mageti a eni, magalimoto a eni, agalu a eni. Ichi chokha ndiye chathu. Undisiye ndichilondere."

Anayesa kuwakalipira, anayesa kulira, anayesa ngakhale kuwakankhira pansi pang'ono, koma anagwira felemu la chitseko ndi mphamvu zimene samayenera kukhala nazo. Pomaliza anawabwezera pa benchi. Malo awo anali atawasungira anzawo, poti anali atayamba kale kuwatchula kuti a mfumu a kolido.

Kutacha lole inabweradi. Mabedi oyera, a mawilo, okweza ndi kutsitsa, anatsitsidwa anthu akuimba nthungululu. Anawandandika m'chipinda chimene chinapentedwa dzulo lake, n'kuwayala nsalu zowongoka ngati zosita ndi lula. Chimkuzamawu anawapeza a Metroni akuwongola pilo.

"A Metroni, limodzi lokha. Bambo anga sanakodze chiyambire dzulo, milomo yayera."

"A Nduna akangodutsa, sisitala, loyamba ndi lawo. Akuyenera kudula kaye riboni. Mukufuna adule riboni munthu atagonapo kale?"

Kenako panabwera lamulo lina la m'mawa umenewo. Madiripi onse a m'kolido achotsedwe pa misomali kwa kanthawi, kuti okhala pa mabenchi aoneke ngati abale odzazonda odwala. Chimkuzamawu anakana kuchotsa ya bambo ake. Namwino wina anaichotsa iye atatumidwa panja kukayesa chimkuzamawu. Pobwerera anapeza awasunthira kutsogolo kwenikweni kwa benchi loyamba, chifukwa a Tcheya anaona kuti tisheti ija idzaoneka bwino pa chithunzi.

"Andikweza udindo," anatero bambo ake. Mawu ankatuluka ngati akuchokera m'chipinda china.

Panja magalimoto analira, nyimbo zinayamba. Phokoso la nsapato zambiri linkayandikira pa kona ya kolido. Chimkuzamawu anali akufunafuna thumba la diripi lija m'kabati pamene anawaona bambo ake cham'mbali akugwira khoma.

"Bambo, ayi! Khalani!"

Koma mlonda saona bwana akubwera iye ali chikhalire. Anaimirira, anawongoka bwinobwino, dzanja linayamba ulendo wopita pachipumi. Kenako maondo anapinda, ndipo anagwa chagada pa simenti yopukutidwa bwino ija.

Chiyambireni ntchito, Chimkuzamawu anali asanaonepo chipatala chikuthamanga chonchi. A Metroni anakuwa, azibambo okankha matrole anatulukira kumene sikudziwika, a Tcheya enieniwo anagwira miyendo. "Achotseni pansi! Achotseni pansi!" Riboni anaikweza m'mwamba n'kudutsa kunsi kwake. A Nduna asanakhote pa kona, bambo ake anali atagona pa bedi loyera, miyendo itakwezedwa, katani itakokedwa.

Ndiye yankho la samu ija linali limeneli, anaganiza choncho Chimkuzamawu akufunafuna mtsempha umene sunkapezekanso. Kuti upeze bedi unkayenera kugwa pansi, pamalo oyenera, pa nthawi yoyenera.

Bambo ake anatsegula maso kamodzi.

"Ndinagwa?"

"Pang'ono, bambo."

"Anaona?"

"Sanaone."

"Bola," anatero. Anasisita nsalu ya pabediyo ndi zala. "Lofewa. Waona, mayi? Mabedi ako abwera."

Dokotala anabwera, anachita zimene akanatha, n'kutuluka osamuyang'ana kumaso. Kuseri kwa katani gulu linadutsa, wina akufotokoza kuti m'chipatala chino chiwerengero cha ogona pansi chafika pa ziro. Anthu anaomba m'manja. Kenako panja anayamba kuitana, mawu ambiri pamodzi, mokondwa: "Chimkuzamawu! Chimkuzamawu!" Anaitana kwa kanthawi, mpaka anamva mawu osasa a Tcheya akuyamba okha mfuu ija, gulu n'kuvomera.

Iye anakhala m'mphepete mwa bedi. Anawatseka maso bambo ake, anawamanga chibwano ndi bandeji monga ankachitira ndi abambo a anthu ena. Tisheti anaisiya. Anaganiza zoivula, koma ankadziwa kuti akanakana.

Dzuwa litapendeka, magalimoto atapita, anamva mawilo akulira m'chipindamo. Mabedi ena aja ankakankhidwira panja, limodzi limodzi. Munthu wina anakhosomola kuseri kwa katani, kenako anasuzumira. Anali dalaivala wa lole uja, kapu ili m'manja. Ataona nsalu yofunditsidwa mpaka kumutu anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Pepani, sisitala. Sindimadziwa. Pepani kwambiri."

"Mukuwapititsa kuti mabediwa?"

"Kwawo. Ku sukulu ya anamwino. Tinangobwereka a mwambowu." Anapotokola kapu ija, akuyang'ana mawilo a bedi. "Sindikukuthamangitsani ayi. Kungoti aphunzitsi aimba kale kangapo. Akuti zidole zophunzitsira zija zagona pansi chiyambire dzulo. Ndiye ndimati ndifunse ngati mwathana nalo."