Ndulu ya a Vitalis ndi mabuku anayi

Amuna anga a Vitalis ali ndi khalidwe limodzi londitopetsa. Akadwala safufuza buku lakale la kuchipatala. Amangogula latsopano pageti, basi.

Chaka chatha anawapeza ndi timiyala m'ndulu, ndipo anauzidwa kuti nduluyo ichotsedwe. Tsiku lokaonana ndi dokotala wa opaleshoni tinanyamuka kwathu ku Manja ndi buku lachinayi, losalembedwamo kanthu.

"Ululu wa pansi pa nthitiwu wakugwirani kangati?" anafunsa dokotalayo, mayi Mwanakombo.

"Kamodzi kokha, adokotala."

"Munachitidwapo opaleshoni ya pamimba?"

"Ayi."

Ndinapsa mtima. Bambowa ndinawadikirira m'chipatala katatu, thupi likutentha, maso ali achikasu.

"Bambo a Stacy," ndinatero, "nanga chipsera cha apendikisi chija chinabwera ndi mvula?"

"Zakale zimenezo, mayi. Ndikachulutsa nkhani andigoneka mwezi, ntchito ku Makata ithere pomwepo."

Adokotala anaika cholembera pansi. "Bambo, pano si pakhoti. Tikufuna tidziwiretu ngati opaleshoni yanu idzakhale yovuta. Ndulu ikatupa kangapo imakhuthala n'kumatirira ku ziwalo zina. Chipsera chakale nachonso chimamatitsa zam'kati. Zikatero, kanjira kodutsa madzi a ndulu sikaoneka bwino, ndipo kakadulidwa mwangozi moyo umakhala pachiswe. Tikadziwiratu timapatula nthawi yokwanira, timaitana dokotala wozolowera, magazi timakonzeratu."



Ndinakwera minibasi kukasaka mabuku akale aja kunyumba. Lina linali m'sutikesi, lina m'thumba la ovolosi. Lachitatu ndinalipeza atachirikizira mwendo wa tebulo, ndipo mawu amene ndinayankhula pamenepo sindingawalembe pano.

Adokotala atawerenga onse anatumizanso a Vitalis kusikani kukawaunika m'mimba, n'kusintha tsiku la opaleshoni kuti m'mawa wonse ukhale wa iwo okha.

Opaleshoni inatenga maola anayi. Ndulu anaipezadi itamatirira kumatumbo, koma anaichotsa bwinobwino.

"Tikanalowa osadziwa, bwenzi lero tikukamba zina," anandiuza mayi Mwanakombo atatuluka.

Patatha milungu ingapo a Vitalis anabwerera kuntchito, ndipo malo awo anawapeza.

Anzanga, sungani buku limodzi la kuchipatala, ndipo dokotala akafunsa za matenda akale nenani zonse. Chimene mwabisa adzachipeza ndithu, koma inu mutagona kale, mpeni uli m'manja mwake.