Mabowo Anayi ndi Mabelu a Lamulungu

Ndakhala m'nyumba yathu yosanjikizana ija zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo pa zaka zonsezo palibe amene anakhoma msomali tsiku Lamulungu osalandira kalata yanga. Anthu amati ndine wovuta. Zawo izo. Lamulo sindinalembe ndine: lili pakhoma pafupi ndi mabokosi a makalata, ndipo likunena poyera kuti Lamulungu ndi tsiku labata, kulibe kuboola, kulibe kukhoma. Ine changa n'kukumbutsa basi. Mareike, mtsikana wokhala pansi panga, walandira timakalata khumi ndi tinayi, ndipo tikakumana pamasitepe amapereka moni ngati akumeza mankhwala owawa.

Ndiye Lamulungu lina la mu Juni, teni koloko itayandikira, mabelu a tchalitchi atayamba kuitana anthu, ndinamva kaphokoso kena kakulira pansi pa mabeluwo. Zzzzz. Ndinaika kapu ya khofi pansi n'kutchera khutu. Mabelu atangosiya, nakonso kanasiya. Ndinadziuza kuti mwina ndi makutu anga, paja ukalamba subwera wokha.

Thwelofu koloko mabelu analiranso. Zzzzz, kenako gogogogo, kenako chinthu chinasweka n'kugwa m'nyumba ya pamwamba panga. Apa ndiye ndinadziwa. Munthu akuboola khoma mobisala kuseri kwa mabelu a Mulungu! Ine ndinakwatiwa ndi pulambala, malemu Ottmar, ndipo kulira kwa makina oboolera ndingakuzindikire ngakhale ndili m'bokosi.

Pamwamba panga pamakhala banja la a Wiesner. Bambo Gernot Wiesner anali mphunzitsi wa Chilatini, munthu waulemu woti akakupondani phazi amapepesa mpaka sabata yamawa. Akazi awo, Roswitha, ndi amene sitinkamwerana madzi. Tinayambana kalekale pa nkhani ya zingwe zoyanikira zovala, ndipo kuyambira pamenepo tinkangogwedezerana mitu. Masiku amenewo iwo anali kuchipatala, atathyoka fupa la m'chiuno.

Kalata ndinalemba monga mwa nthawi zonse, koma mtima unali utawira moti ndinati iyi ndikapereka pamanja. Bambo Wiesner anatsegula chitseko ali mbuu ngati achokera kuchigayo, fumbi mpaka m'nsidze, manja ali kumbuyo.

"Mayi Kümpel! Mwaswera bwanji? Kwachatu bwino lero."

"Bambo Wiesner, lero ndi lachingati?"

"Lamulungu, mayi."

"Eya, ndimayesa ndasokoneza ndine. Nanga mwabisa kumbuyoko n'chiyani?"

"Ichi? Ndi bulangeti chabe."

Linalidi bulangeti, koma pansi pake chingwe cha magetsi chinali lende ngati mchira. Munthu wophunzira uja anali atakulunga makina oboolera m'bulangeti kuti asamveke. Sindinadikire kuti anene kuti alowe alendo. Ndinawalambalala, n'kutsata fumbi mpaka kubafa.

Mayo ine! Matailosi atatu anali atang'ambika, limodzi litagweratu pansi. Khoma linali ngati ladwala nthomba, timabowo toyamba n'kusiyidwa paliponse. Pansi panali chitsulo chogwirira, chija amaikira odwala pambali pa bafa, chikadali m'pepala lake. Pampando panali kabuku ka malangizo, kolembedwalembedwa ndi cholembera chofiira ngati mayeso a mwana wopanda nzeru.

Bambowo anakhala pamphepete pa bafa, bulangeti lili pamiyendo ngati khanda.

"Roswitha akubwera mawa naini koloko, limodzi ndi nesi," anatero. "Nesiyo adzayang'ana muno. Akapanda kupeza chitsulochi pakhoma, galimoto yomweyo imutengera kunyumba yosamalira okalamba, miyezi itatu. Ndiye iye wandiuza kuti, Gernot, ukandisiya kumeneko sindidzatulukako wamoyo."

"Nanga dzulo munali kuti? Loweruka lonse lija, anthu akuboola mmene angafunire?"

"Ndimawerenga malangizo."

"Tsiku lonse?"

"Ali m'zinenero khumi ndi ziwiri, mayi. Ndipo zimene akunena m'Chifalansa sizikugwirizana ndi za m'Chijeremani."

Zengerezu adalinda kwawukwawu, koma uyu ndiye anaposa. Ndinawafunsa kuti nanga mashelefu onse ali m'nyumba mwawomo anakhoma ndani.

"Roswitha. Zaka makumi anayi ndi zinayi. Ine ndimagwira tochi." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya afumbi. "Lachisanu pafoni ndinamuuza kuti ndamaliza kale. Anasangalala kwambiri, mayi."

Ndinafuna kuseka, koma kuseka sikunabwere. Ottmar wanga nayenso anapita kunyumba yotereyo, akuti miyezi itatu yokha. Ndinkamuyendera tsiku lililonse, ndipo tsiku lililonse ankandifunsa ngati ndabwera ndi nsapato zake zopitira kwathu. Sanazivalenso. Zinandiwawa kukumbuka zimenezo nditaima m'bafa la mdani wanga, kalata ili m'thumba.

"Tapatseni kuno chinthucho," ndinatero.

Makinawo anali atawatchera pogogoda, ngati akuswa mwala, ndipo kutsogolo anaikako kachitsulo koboolera matabwa. Tailosi silifuna ukali, limafuna kulinyengerera. Choipitsitsa, kamtanda kamodzi ka pensulo kosonyeza poboola kanali pamwamba penipeni pa mpopi.

"Apa mumafuna kuboolapo?"

"Inde, mabelu a sikisi koloko akayamba kulira."

"Mmenemu mumadutsa paipi ya madzi, bambo inu! Mukanaboola, madzi akanadzandipeza patebulo pansipa ndikudya."

Ndinatsika kukatenga bokosi la zida la Ottmar, limene linali lisanatsegulidwe zaka zisanu ndi zinayi. Ndinayeza ndi levulo kuti chitsulo chidzawongoke, ndinasankha matailosi amoyo kutali ndi paipi, ndinamata tepi pa malo anayi kuti kachitsulo kasaterereke. Bambo Wiesner anali atagwira tochi, dzuwa likuwala pawindo. Ndinawasiya, ndiyo ntchito imene ankaidziwa.

"Ndiye tiyambe?" anafunsa.

"Tiyambe chiyani? Lero ndi Lamulungu. Ine sindiboola khoma Lamulungu."

Nkhope yawo inagwa.

"Mabelu a sikisi koloko amalira nthawi yaitali bwanji?" ndinafunsa ndikuyang'ana kumbali.

"Mphindi zisanu ndi ziwiri, mayi. Ndinawerengera."

Tinadikira masana onse. Anafulula khofi, natulutsa keke ya sitiroberi yogula, ndipo anandifotokozera mmene Aroma akale ankamangira mabafa awo. Ndinawauza kuti Aromawo anali ndi mwayi kuti a Wiesner anabadwa mochedwa.

Belu loyamba litangoti ngee, ndinakanikiza. Pang'onopang'ono mpaka tailosi litalola, kenako mwamphamvu m'njerwa. Bowo loyamba. Lachiwiri. Manja anga anakumbukira zimene mutu unaiwala, ndipo ndisaname, ndinamva kukoma. Bambo Wiesner ankawerenga nthawi mokweza ngati tili pampikisano. Pa bowo lachitatu njerwa inalimba, thukuta linalowa m'maso, koma linatheka. Nditangoika kachitsulo pa tepi yachinayi, mabelu anati zii.

Bata lake ndi lija ndakhala ndikuliteteza zaka zonsezi. Kunkamveka mpaka supuni ya munthu wina ikugunda kapu pakhonde.

"Atatu sangakwane?" ananong'oneza bambowo.

"Mukufuna akazi anu agwe chitsulo chili m'manja?"

"Ndiye tidikire mawa seveni koloko."

"Inu? Mawa mudzayamba mwawerenga Chipwitikizi."

Ndinatseka maso, n'kukanikiza. Abale, sindinadziwe kuti makina amalira chotero m'nyumba yachete. Phokoso linayenda m'makoma onse kuyambira kudenga mpaka kuchipinda chapansi. Galu wina anayamba kuuwa, mawindo anatseguka. Ndinamaliza bowolo, ndinalowetsa timapulagi togwira masikuluwu m'mabowomo, ndinamanga masikuluwu onse anayi, kenako ndinalendewera pachitsulocho ndi thupi langa lonse. Sichinagwedezeke. Pa matailosi osweka aja tinapachikapo thaulo lalikulu.

Potuluka ndinakumana maso ndi maso ndi Mareike. Anali atakwera kudzaona wolakwayo. Anayang'ana bokosi la zida, anayang'ana fumbi m'tsitsi langa, kukamwa kuli yasa. Kenako anamwetulira mpaka mano onse kuonekera, n'kutsika. Madzulo omwewo ndinapeza kakalata pakhomo panga, kolembedwa ndi dzanja langa lomwe: "Ndikukumbutsani mwaulemu kuti lero ndi Lamulungu." Kanali kamodzi mwa khumi ndi tinayi tija. Anangofufuta dzina lake n'kulembapo langa. Ndinakamata pafiriji, poti kolakwika panalibe.

M'mawa mwake zinangochitika kuti ndinali kuthirira maluwa pafupi ndi khomo la a Wiesner pamene chikepe chinatseguka. Roswitha anatuluka ndi ndodo ziwiri, ataonda, tsitsi losapesa bwino. Ndinanyamula chikwama chawo poti wina anayenera kunyamula. Nesi analowa kubafa, anakoka chitsulo kawiri, analemba papepala, natsanzika. Bambo Wiesner anapumira m'mwamba ngati tayala laphulika.

Roswitha anatsalira m'bafamo. Anagwira chitsulo, anachikoka, anawerama kuona ngati chawongoka. Kenako anakweza thaulo lija ndi nsonga ya ndodo, anayang'ana matailosi osweka nthawi yaitali, n'kulibwezera bwinobwino.

"Izi ndiye za Gernot wanga," anatero. "Nanga chitsulochi waika liti, iwe?"

"Dzulo," anayankha bambowo, poti bodza lachiwiri silikanawatheka.

"Dzulo? Lamulungu?" Anatembenukira kwa ine. Aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso chiyambire nkhani ya zingwe ija. "Mayi Kümpel, inu amene mumamva ngakhale ntchentche ikatsokomola, dzulo simunamve kanthu?"

"Mabelu anasokosa kwambiri dzulo," ndinatero.

Anayang'ana chala changa chachikulu, chimene chinali ndi chithuza chatsopano. Kenako anapereka ndodo zonse ziwiri kwa amuna awo, dzanja limodzi linagwira chitsulo, lina linagwira mkono wanga, ndipo anayesa kuima okha m'nyumba yawo.

"Gernot, usangoti tuzu pamenepo," anatero. "Kaike khofi. Makapu atatu."