Mfundo ya Mlaza

Nyanja inachita mwano chaka chimenecho. Inangokwera pang'onopang'ono ngati mlendo wosadziwa kutsanzika, mpaka dimba lonse la Eveles linamira, mpiru, tomato, ndi nthochi zomwe. Pamene ankathirira mbewu, anthu anayamba kuponyapo mbedza.

Tsono kamsika ka alimi ka Loweruka, kufupi ndi Senga Bay, kanali ndi malamulo ake awiri. Umagulitsa zolima wekha basi. Ukajomba katatu, malo ako amapatsa wina. Eveles anali atajomba kawiri, ndipo malo akewo, pansi pa mango m'mbali mwa msewu, ndi amene anadyetsa ana ake zaka khumi ndi ziwiri.

Loweruka lachitatu analawirira. Kudimba? Ayi ndithu, anapita pamphambano pamene akabaza ochokera ku Lifuwu amatsitsira katundu. Eveles weniweni kukagula ndiwo zamasamba! Manyazi anamugwira mpaka kumapazi. Komabe anasankha ngati mlimi: kutembenuza tsamba lililonse kuona nsabwe, kununkhiza tomato, kukana therere lokhwima. Bambo wogulitsayo anali wachilendo, sanafunse kanthu.

Atafika pansi pa mango anayala chiguduli, napsinja ndi miyala yake inayi imene ankaisiya pamenepo. Poyika mpiru mpamene mtima unati phwii. Timitolo tonse tinali tomanga ndi mlaza. Iye amamanga ndi luzi la nthochi, ndipo msika wonse umadziwa zimenezo, pakuti amayi a pamenepo amazindikira mwini ndiwo poona mfundo yokha. Anafuna kumasula kuti amangenso, koma luzilo akanalitenga kuti? Nthochi zake zinali m'madzi. Anangotembenuza timitolo, mfundo n'kuloza pansi.

Mayi Molly, apampando a msika, amene Eveles ankaimba nawo kwaya, anafika akumwetulira.

"Mwadzuka bwanji amake Chisoni? Tinakusowanitu."

"Tadzuka, kaya inu amayi?"

"Tadzuka. Eee, mpiru wake kukongola! Madzi aphwa kudimba?"

Ankalankhula uku atanyamula kale kamtolo. Chala chawo chinaima pamfundo, kumwetulira n'kutha. Eveles anali atakonza bodza njira yonse, bodza labwinobwino, koma mfundoyo inali itamuulula kale. Amayi a mbali zonse anasiya kuitana ogula. Chapatali panaima Rukiya, mayi wamasiye amene anali woyamba pamzere wodikira malo chiyambire dzinja, beseni la therere lili pamutu.

"Achemwali," anatero Mayi Molly motsitsa mawu, "ndikanakhala ndekha ndikanayang'ana kumbali, Mulungu akuona. Koma mwezi watha tinachotsa a Salma pa mlandu womwewu. Inunso munakweza nawo dzanja."

Zoona zake, anakweza. Anakwezanso msanga kuposa anzake, dimba lake lili lobiriwira. Anayang'ana kunyanja, madzi ali phee, osadziwa n'komwe kuti alakwira munthu. Analibe woti amukalipire.

"Madzi akaphwa mudzalembetsenso," anawonjezera Mayi Molly. Onse awiri ankadziwa kuti pamzere wodikira panali anthu asanu ndi anayi.

Eveles anabwezera mpiru m'beseni, kamtolo kamodzikamodzi, kenako tomato. Anakutumula chiguduli n'kuchipinda. Palibe anaseka, ndipo bola akanaseka. Rukiya anatula therere lake, nabwera kudzamusenzetsa, maso ali pansi.

"Pepani amayi," ananong'ona. "Nanga miyalayi mutenga?"

Eveles anaiyang'ana. Anaitola yekha kugombe ali ndi pakati pa Chisoni, ndipo inali itasalala ndi manja ake.

"Isiyeni," anatero. "Kukawomba mwera muziika waukuluwo chakunyanja, apo ayi chiguduli chimauluka."