Mfuti ya Malowolo a Johaira

Macmod anafika nayo mfutiyo kwa mng'ono wake Alinader m'mawa ili m'katoni, naitsitsa patebulo ngati akugoneka khanda.

"Mphwanga, nayu mkazi wanga woyamba," anatero akuseka. "Umusambitse. Wachiwiriyo tikamupempha Lachisanu."

Alinader sanaseke. Mudzi wonse unkadziwa kuti Hadji Sarip, bambo a Johaira, anatchula mfuti pa malowolo, ya mtundu wodzilowetsera yokha chipolopolo china ukangowomba. Unkadziwanso kuti mkuluyo adzaiyesa yekha pamaso pa abale. Ikakakamira ndiye kuti akuchimuna abwera kudzanyoza, ndipo nkhani ya ukwati idzathera pomwepo.

Chimene mudzi sunkadziwa n'chakuti Alinader ankamukonda Johaira kuyambira ali ana. Sanamuuzepo. Ankangotolera zizindikiro: tsiku lina mtsikanayo anamwetulira pamsika, tsiku lina anamufunsa za chifuwa cha amayi ake. Iye ankayesa kuti mtsikanayo nayenso akubisa chikondi.

"Achimwene, bwanji osapita nayo kwa amisiri a mumzinda wa Marawi?"

"Kukatani, pomwe mfuti za mudzi uno umatsuka ndiwe? Usandichititse manyazi, wamva?"

Mkulu wake atapita, Alinader anayala nsalu yakale naiphwasula. Mfuti yatsopano imabwera itamatidwa girizi wa kufakitale, wolimba ngati phula, woti isachite dzimbiri m'njira. Ukapanda kumuchotsa imawomba kawiri katatu, kenako chitsulo chokankha zipolopolo chimakana kubwerera.

Anatsuka mpope mpaka kuwala kunadutsa mbee. Anapukuta kunja konse. Atafika pa chitsulo chija, anachigwira nthawi yaitali, girizi wachikasu akumata zala zake. Kenako anachibwezera momwemo chosatsuka.

Ndani akanadziwa? Anthu akanati ndi mfuti yoipa basi. M'maganizo mwake ankaona kale Hadji akuiponya pansi, abale akubalalika, Johaira akusuzumira pazenera, maso ake akufunafuna munthu mmodzi yekha pagulupo.

Masana Johaira anabwera ndi azakhali ake kudzabwereka mathireyi amkuwa. Azimayi akuchezerana kukhitchini, iye anaima pakhomo atakokera mpango wake kutsogolo.

"Ali, ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyi."

"Kunyansa kwake! Ndiye mtengo wanga umenewu, chitsulo chakuda bii?" Anaseka, kenako anatsitsa mawu. "Ndikuuze chinsinsi?"

Alinader anangogwedeza mutu.

"Ndine ndinamukakamiza Macmod kuti abwere nayo kwa iwe. Iye amati yatsopano sifuna kutsuka, chitsiru chija. Ine ndi iye tinagwirizana kalekale, ababa sadziwa, amayesa nzeru ndi zawo." Anacheuka kukhitchini. "Ali, isakakamire, ndapota nawe. Iwe ndimakukhulupirira ngati mlongo wanga weniweni."

"Ndamva."

"Nanga nkhope wakwinyiranji ngati watafuna tsabola? Nawenso tikupezera wako, usade nkhawa."

Azakhali anamuitana, ndipo anapita, mathireyi akulira m'manja mwake.

Alinader anayang'ana mfuti yonyezimirayo. Ikanakakamirabe. Ukwati ukanathabe. Koma maso aja akanafunafuna Macmod.

Anaitsegulanso. Anatenga mswachi wakale ndi mankhwala osungunulira girizi, nakwecha chitsulo chija ngodya iliyonse mpaka mswachi unapindika. Anachiumitsa, nadontheza mafuta pokhapo pamene zitsulo zimakhulana, otsala napukuta ndi chala. Atachikoka chinayenda myaa, chinabwerera chokha. Sanatsukepo mfuti bwino chotere, ndipo anaida ngati munthu.

Lachisanu atatuluka mumzikiti, anthu anadzaza pabwalo la Hadji Sarip. Mkuluyo anapinda manja a malaya, nalozetsa mfuti kuphiri. Mfuti inalira, inaliranso, makoko a zipolopolo akudumphira m'fumbi. Alinader anadzipeza akudikirabe kuti ikakamire, ngakhale ankadziwa ntchito ya manja ake. Inalira mpaka zipolopolo zinatha.

"Iyi ndiye mfuti!" anafuula Hadji akuipatsira Macmod. "Lowani, apongozi, khofi akuzizira."

M'nyumba azimayi anayamba kuimba ng'oma zamkuwa. Macmod anavula nsapato pamakwerero, nakankhira mfuti m'manja mwa mng'ono wake osamuyang'ana n'komwe.

"Gwira iyi, mphwanga, ana angaseweretse. Usachoke."

Chitseko chinatsekedwa. Alinader anatsala panja pakati pa nsapato za alendo, mpope wotentha ukumuwotcha chikhatho, ndipo sanasinthe dzanja.