Singano za m'bondo la a Levi

A Levi Soko a kwa Zulu akaponda pansi povina ingoma, nkhuku za mudzi winawo zinkathawira m'khola. Kwa zaka makumi awiri ankatsogolera gulu ndi iwo, chishango kumanzere, chibonga kumanja, ndipo gule akatha ankakhalira nyama ndi mowa monga Mngoni weniweni. Ng'ombe ikaphedwa m'deralo, chiwindi chinkadziwa chokha njira ya kwawo.

Ndiye tsiku lina anadzuka chala chachikulu cha kuphazi chitatupa, chili psuu, chikutentha ngati mbatata yootcha. Chitenje chikangochikhudza, bambo wamkuluyo ankakuwa. Chinaphwa patatha sabata, chinayambiranso, kenako ululu unakwera kubondo. Sing'anga wa kutsidya kwa malire anawatemera mphini, nawauza kuti aponda singano zotchera, ndipo wotcherayo ndi wachibale. A Levi sanavutike n'kuganiza. Amene anatenga malo awo kutsogolo kwa gulu anali mng'ono wawo, Dickson.

Anamunena poyera, pamaliro, anthu akumva. Kuyambira tsikulo ana a mimba imodzi analeka kupatsana moni, ndipo a Levi analumbira kuti Dickson asadzaponde ngakhale pamanda pawo.

Amene anatopa nazo anali akazi awo, a Maggie. Anawakweza kabaza mpaka kuchipatala cha ku boma, iwo akulalata njira yonse. Kumeneko anapeza dokotala wamkazi wa ku Rumphi, dzina lake Vitu, amene anamvetsera nkhani yonse ya singano osaseka. Kenako anabaya bondolo ndi jekeseni, nakoka timadzi tachikasu, nadontheza pa kagalasi.

"Bambo, bwerani mudzaone nokha," anatero dokotalayo.

A Levi anatsimphina mpaka pa makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, natsinzina diso limodzi. Poyamba anangoona kuwala. Kenako anaziona. Singano! Osati imodzi, osati khumi, koma zosawerengeka, zowonda, zosongoka uku ndi uku, zopingasana, zikunyezimira. Kadontho kake kanali kochepa kuposa msozi, koma taonani zimene zinali m'menemo.

"Mayo ine! Ndiye sing'anga uja sananame," ananong'ona.

"Singano zilipodi, koma palibe anazitchera," anayankha Vitu. "Matendawa ndi nyamakazi yotchedwa gauti. M'magazi muli mchere wina umene impso zimataya pamodzi ndi mkodzo. Ukachuluka umaundana molumikizira mafupa, n'kukhala zimene mwaonazi. Nyama ya m'kati ndi mowa zimauchulukitsa."

"Mukuti ndazisula ndekha?"

"Thupi lanu ndi limene lazisula. Tikalithandiza, lizisungunulanso."

Singano kusungunuka! A Levi anapempha kusuzumiranso, kachiwiri, kachitatu, mpaka odwala a pamzere panja anayamba kung'ung'udza. Anali ndi mantha, komanso sankafuna kuchokapo. Zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri akuyenda nalo thupi ili, osadziwa kuti m'kati mwake mumachitika ntchito yotere.

Musaganize kuti za Dickson anazitaya pomwepo. Munthu wouma mutu sasintha tsiku limodzi. Anangoti mumtima: tiona ngati zisungunukedi.

Dokotala uja anawapatsa mankhwala ophwetsa kutupa, kenako kambulu kakang'ono komwa m'mawa uliwonse, bondo lipweteke kaya lisapweteke. Madzi ankamwa ngati ng'ombe ya pangolo. Ankakhala pampando n'kumapinda mwendo ndi kuwongola monga anawaonetsera, kenako kuyenda ndi ndodo mpaka kudimba. Atasiya nyama ndi mowa, anzawo ankawaseka kuti asanduka Mngoni wa nyemba. Mwezi wachiwiri chala chinatupanso, ndipo mabotolo a mankhwalawo akanathera m'chimbudzi a Maggie akanapanda kuwakumbutsa kuti adokotala ananeneratu kuti poyamba zimatero.

Pofika nyengo yokolola ndodo anali ataiiwala. Tsiku lina anazemba kuseri kwa nkhokwe, nayang'ana uku ndi uku, nakweza mwendo, naponda pansi ndi mphamvu zonse. Fumbi linakwera. Anadikira ululu, koma sunabwere. Anaima pamenepo nthawi yaitali akuyang'ana phazi lawo, ndipo chimwemwe chisanathe n'komwe, anakumbukira Dickson, manyazi n'kuwagwira.

Masana omwewo anapita kwa mng'ono wawo. Mlamu wawo atawaona anagwetsa lichero, nathawira m'nyumba. Dickson anali pakhonde, mwendo atausanjika pa mtondo, chala chachikulu chitatupa mpaka khungu kuwala.

"Achimwene, mwabwera kudzaona ntchito yanu?" anatero Dickson. "Ine sindinakutchereni kanthu. Mwandibwezeranji?"

A Levi anagwada. Sanachikhudze chalacho, poti ankaudziwa ululu wake. Anangochiyang'anitsitsa ngati akuona zonyezimira zija kupyola khungu. Pamenepo anakumbukira malemu bambo awo, mmene ankakhalira chonchi pakhonde, phazi lili m'mwamba, akutukwana. Anakumbukiranso azakhali awo, amene anathamangitsidwa pamudzi powanena kuti ndi amene analodza phazi limenelo, nakafera ku Zambia popanda mbale wowatseka maso.

"Dickson, mphwanga, ndinakulakwira," anatero, misozi ili mbwe. "Mawa tilawirire ku boma. Pali chinthu choti ukachione ndi maso ako."

"Chinthu chanji?"

"Chimene anafera azakhali."