Chitseko Chabuluu cha ku Beira

Bodza la a Zelesi linabadwira pachitsime, chaka chimene anafika ku Zingalume pothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Anali akadali mtsikana, chitenje chimodzi, mapazi ong'aluka. Akazi a m'mudzimo ankawaseka kuti ndi anthu akutchire, odya chimanga chachikasu cha chithandizo. Tsiku lina mmodzi anawakankhira chidebe kumbali nafunsa, "Kodi kwanuko chitsime mumachidziwa?"

"Kwathu ndi ku Beira," anayankha a Zelesi. "Madzi ake maso safika kutsidya. Inu mukukanganirana kachithaphwi."

Ku Beira anali asanapondeko. Kwawo kunali kuseri kwa mapiri omwewa, ulendo wa masiku awiri wapansi, kamudzi kamene kanapsa konse pamodzi ndi abale awo. Dzina la mzindawo analimva kwa dalaivala wa lole ya chithandizo, yemwe anawapatsanso chigoba cha nkhono ya m'nyanja. Koma akazi aja anangoti zii, ndipo kukhala chete kwawoko kunawakomera a Zelesi kuposa chakudya.

Bodza likakula limafuna pokhala. A Zelesi analimangira nyumba ya njerwa pafupi ndi nyanja yamchere, chitseko chabuluu, mtengo wa kokonati pakhomo. M'nyumbamo anaikamo mkulu wawo, dzina lake Judith, wonenepa, wophika nsomba zazikulu ngati mwana wa mbuzi. A Zelesi anakwatiwa konkuno, mwamuna anamwalira, ana anapita ndi matenda, anatsala mmodzi yekha, Vivian. Mwanayo anakula chigoba chili pakhutu. Akamasenda nshawa pamkeka, Vivian ankati, "Amayi, za kwa amayi aakulu a Judith," ndipo amake ankawonjezera mazenera, ngalawa, magetsi a mumsewu. Nkhani imeneyi inali chinthu chokhacho chimene akanatha kumupatsa chosagula.

Vivian anamaliza giredi 12, ntchito osaoneka. Ankaluka tsitsi pamsika wa ku boma ku Chadiza, masiku ena osagwira mutu ndi umodzi womwe. Pafoni ankaonera Beira: mchenga woyera, atsikana ovala magalasi akuda, malo odyera a m'mbali mwa madzi. Zonse zinkagwirizana ndi zimene anamva pamkeka.

Anabwera kumudzi mwezi wa Epulo, nshawa zitakhwima. Anapeza amake m'munda atayamba kukumba mzere woyamba.

"Amayi, ndikupita kwathu."

"Kwanu ndi kuno. Tenga khasu ilo."

"Ku Beira. Mnzanga wandipezera malo mu lole imene imadutsa pa malire a Chanida Lachisanu. Kumeneko alendo ndi ambiri, tsitsi amalukitsa tsiku lililonse. Ndikafikira kwa amayi aakulu."

A Zelesi anapitiriza kukumba. Anakumba mapando asanu, nthaka ikuwalowa m'maso, kenako anaimika khasu.

"Kulibe Judith."

"Anamwalira? Mwamva kwa ndani?"

"Sanabadwe n'komwe. Kulibe nyumba, kulibe chitseko. Ine nyanja sindinaionepo. Ndinanama pachitsime iwe usanabadwe, ndiye ndinangopitiriza."

Vivian anawayang'ana, kenako anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Aa, amayi! Mpaka pamenepo? Kuti ndikukumbireni nshawa basi, mwafika popha mkulu wanu?"

"Ndikunena zoona."

"Zaka zonsezi munkanama, lero lokha ndiye mwanena zoona, tsiku limene ndikufuna kuchoka? Nanga chigoba chija chinamera m'munda muno?"

"Anandipatsa dalaivala."

"Dalaivala!" Vivian anawomba m'manja. "Mawa mudzati inenso anakupatsani dalaivala."

A Zelesi sanali munthu wolira. Anakutumula chitenje nati, "Tiye kwa a Zakeyu."

A Zakeyu anali nkhalamba yokhayo yotsala mwa anthu amene anawoloka nawo malire. Ankadziwa mudzi wa a Zelesi, ankadziwa mtengo umene bambo awo anafera pansi pake. Anawapeza pakhonde akukonza goli la ng'ombe, akazi awo a Lenia akupeta chimanga pambali. A Lenia anali mbadwa ya pa Zingalume, mmodzi wa akazi a pachitsime aja.

"Achimwene," anatero a Zelesi, "muuzeni mwanayu kumene tinachokera. Zenizeni. Akufuna kupita ku Beira kukafuna Judith."

A Zakeyu anaika goli pansi. A Lenia anasiya kupeta, lichero lili m'manja, makutu ali tcheru. Apa m'pamene a Zelesi anakumbukira chimene anayenera kukumbukira asananyamuke. Bodza lija silinali lawo okha. A Zakeyu analibwereka kalekale, pofunsira a Lenia omwewa, ndipo ana awo onse anakula akudziwa kuti bambo awo anali msodzi wa m'nyanja yamchere.

Nkhalambayo inayang'ana mkazi wake, inayang'ana pansi, inatsokomola.

"Judith," inatero. "Wonenepa uja. Ee. Ukamupeza umupatse moni."

"Zakeyu!"

"Chitseko chabuluu, eti?" anafunsa Vivian.

"Chabuluu, mwanawe."

A Lenia anayambiranso kupeta. "Mlekeni mwana akaone kwawo, a Zelesi. Munkatinyadira nako, lero mukumumana?"

Pobwerera a Zelesi anayesa njira zonse. Anatchula dzina la mudzi weniweni, mayina a azichimwene awo, mtsinje umene ankasamba. Vivian ankangogwedeza mutu mwachifundo, ngati namwino womvera wodwala. Anati kukalamba kwayamba, ndipo akakhazikika adzabwera kudzawatenga kuti akapume kwa mkulu wawo.

Lachisanu m'mawa njinga yamoto inabwera. Vivian anamanga chikwama, zipeso ndi ulusi wa tsitsi, naika chigoba pakati pa zovala kuti amayi aakulu akamuzindikire nacho. A Zelesi anamukazingira nshawa za mzere woyamba uja. Anagwira chitsulo cha kumbuyo kwa njingayo, mpaka woyendetsa anati, "Amayi, mupsa ndi paipi." Anasiya.

Anabwerera kumunda. Munda unali waukulu, khasu limodzi. Mvula yomaliza inagwa Lamlungu, ndipo nshawa za kumunsi zinayamba kumera m'nthaka momwemo.

Foni inalira Lachitatu masana, nambala yachilendo. A Zelesi anakwera pachulu pamene mawu amamveka bwino.

"Amayi, ndine. Ndabwereka foni kwa mayi wogulitsa nsomba. Yanga anditengera pa siteshoni."

"Ukugona kuti? Wadya?"

"Ndili bwino. Koma chilankhulo chawo sindikumva, ndipo zitseko zabuluu n'zambiri. Ndagogoda khumi ndi ziwiri. Kwina anandimasulira galu." Mawu ake anali ouma, ngati a munthu amene sanamwe madzi. "Ndiuzeni chabe. Ndikaima moyang'ana madzi, nyumbayo ili kumanja kapena kumanzere?"

"Vivian, funa lole yobwera kuno. Uwauze kuti amako ali ndi mbuzi yowalipira."

"Amayi, musayambenso. Mwini foni akundiyang'ana. Kumanja kapena kumanzere?"

Kumbuyo kwa mawu akewo kunali phokoso, lobwera n'kupita, lobwera n'kupita, ngati thumba la chimanga likukhuthulidwa pa simenti. Linkameza mawu ena. A Zelesi anatseka khutu linalo ndi chala.

"Sindikukumva bwino. Suntha pamenepo. Kodi waima pachigayo? N'chiyani chikusokosacho?"

Phokosolo linabwera kawiri, katatu.

"Amayi," anatero pang'onopang'ono, "ndi nyanja imeneyi."

A Zelesi anakanikiza foni kukhutu, kumvetsera phokosolo.

"Simukuidziwa," anatero Vivian. Silinali funso. Anapuma mwamphamvu kamodzi, ndipo foni inaduka.

A Zelesi anaimbanso pomwepo. Anayankha mayi wina m'Chipwitikizi, mokalipa, nadula. Anaimbanso madzulo, anaimbanso m'mawa mwake. Tsiku lachitatu mayiyo anapatsa foni mwamuna wodziwa Chinyanja pang'ono. Iye anati mtsikanayo anakhala pamchenga nthawi yaitali, kenako ananyamula chikwama n'kulowera kumsika. Anasiya chigoba pa tebulo la nsomba. Zigoba zotere, anatero, zili mbwee pagombe, ana amaponyerana.

A Zelesi sanapitenso kwa a Zakeyu. Pachitsime a Lenia anawafunsa ngati mwana anafika bwino kwa amayi ake aakulu, akazi ena ataima ndi zidebe kudikira yankho. A Zelesi anasenza madzi awo n'kubwerera kunyumba.

Masiku ano amakumba pafupi ndi chulu pokha, foni ataimanga pamfundo ya chitenje. Kumunsi kwa munda nshawa zamera zonse, kwabiriwira ngati Disembala.