Timapepala ta Lachisanu

Lachisanu lililonse Mayi Rhonda Tackett, kalaliki wa pasukulu ina yaboma ku Ohio, m'dziko la America, ankalongedza timapepala tazidziwitso m'zikwama za ana kuti tikafike kwa makolo. Ta Abusa Hensley tinalowamo movutikira. Abusawo anachita kukaisumira sukuluyo kukhoti, woweruza n'kugamula kuti mpingo nawo uli ndi ufulu wolankhula ngati wina aliyense.

Chaka chisanathe, a kumzikiti anabweretsa tawo, toitanira ana kuchikondwerero cha Idi. Lolemba m'mawa Abusa anatulukira mu ofesi, kapepalako kali m'manja.

"Mayi Tackett, ichi ndachipeza m'chikwama cha mdzukulu wanga. Mitu yanu ikuyenda bwino pano?"

"Ndi ufulu uja, Abusa. Munaupambana nokha kukhoti."

"Sindinkapambanira amenewa ayi!"

Makolo anakokanakokana milungu itatu, mpaka akuluakulu a sukulu anatopa nazo. Analamula kuti pepala lochokera kunja lisalowenso m'chikwama cha mwana, kaya ndi la Yesu, kaya ndi la mpira.

Rhonda ananyamula mulu wonse wa timapepalato kukautaya. Pamwamba panali timapepala tofiira ta amayi ogawa majekete aulere, timene chaka chilichonse tinkafika m'makomo kuzizira kusanayambe.

Mu Disembala, kuzizira kutafika pachimake, ana akutsika basi ali njenjenje m'timajuzi topyapyala, Abusa anali ataima kunja kwa geti, kumene lamulolo silifika, akugawa timapepala tawo.

"Mulungu akudalitseni, Mayi Tackett. Tengani kamodzi."

Rhonda anayang'ana chijekete chawo chaubweya.

"Ndikamuveke mwana uti kameneka, Abusa?"